Merikano: Nsalu Yoyera Imene Idali Ndalama

Liwu lakuti "kuyera" ndi limodzi mwa mawu osenza katundu wolemera m'Chichewa. Mdima ukayamba kuthawa m'mamawa, akuluakulu amati kunja kwayera. Chimanga chikakonoledwa, mphale yake nkuviikidwa masiku angapo, kenaka nkusinjidwa, chimene chimatuluka ndi ufa woyera. Munthu wosasunga mangawa amanenedwa kuti ngwa mtima woyera. Tsono poti liwulo ndi limodzi, ana a masiku ano amayesa kuti nsalu yoyeranso ndi imodzi, kuti amene waona imodzi waona zonse. Sizili tero ayi. Amayi osoka zofunda za zigamba, monga aja ogula nsalu pa msika wa Nsungwi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, amadziwa kuti mwa nsalu zonse zolowa m'chofunda, yoyera ndiyo yovuta kusankha, ndipo ndiyo imayamba kuyalutsa wosoka chofundacho chikangochapidwa kawiri.

Chofunda cha zigamba, chimene Azungu amachitcha quilt, chimakhala ndi nsalu zitatu zosanjikiza. Pamwamba pamakhala tizidutswa ta zitenje ndi nsalu zina tolumikizidwa mwaluso. Pakati pamalowa thonje kapena bulangete lakale loti lizisunga kutentha. Pansi pamakhala nsalu imodzi yaikulu. Zitatuzi zimasokedwa pamodzi ndi mizere ya ulusi kuti zisatayane. Nsalu yoyera ndiyo kawirikawiri imalekanitsa zigamba za maluwa kuti diso lipeze popumira, ndipo nthawi zambiri ndiyonso imayalidwa pansi, kumene kumakhudza thupi. Luso loisankha ndi lakale kuposa makina osokera. Lidakula m'zaka zimene nsalu yoyera idali ndalama m'dziko muno, pamene kulandira nsalu yabodza kudali chimodzimodzi kulandira ndalama yachinyengo.

Nsalu za m'mafakitale zisadafike, anthu ambiri a kumtunda ankavala zikopa ndi nyanda kapena chiwondo, ndiye kuti khungwa la mtengo wa mombo losulidwa mpaka kufewa. Koma kuchigwa cha Shire ndi cha Zambezi kudali thonje, ndipo Amang'anja ankaomba nsalu yawoyawo yotchedwa machila. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 adapeza thonje likulimidwa m'midzi yambiri, la mitundu iwiri: thonje manga, lochokera kunja, ndi thonje kaja, lamakolo, la ulusi waufupi koma wolimba. Opota ndi oomba adali amuna makamaka. Kachipangizo kozungulira kopotera ulusi nkamene kankatchedwa njinga, dzina limene pambuyo pake lidasamukira kwa njinga yokwera. Wakabaza wa pa Nsungwi sadziwa kuti dzina la chuma chake adalibwereka kwa opota thonje. Nawo machila onyamulira odwala adatenga dzina kuchokera ku nsalu yomweyo, poti idali yolimba mokwanira kunyamula munthu wamkulu. Nsaluyi sinkayera mbee. Inkaoneka ngati thonje lenilenilo, motuwirako ngati mkaka, ndipo kuiomba kunkatenga masiku ambiri.

Nsalu imene idasintha zinthu idachokera kutali kwambiri, ku chigawo cha Massachusetts m'dziko la America. Amalonda a padoko la Salem adayamba kufika kawirikawiri pa chilumba cha Zanzibar m'zaka za m'ma 1830. Mu 1833 boma la America lidapangana za malonda ndi Seyyid Said, mfumu ya Oman imene inkalamuliranso Zanzibar, ndipo mu 1837 kazembe woyamba wa America, Richard Waters, adakhazikika pa chilumbacho. Zombo zawo zinkabwera ndi mitolo ya nsalu ya thonje yosayeretsedwa ndi mankhwala, yoombedwa m'mafakitale a ku Lowell ndi matauni ena, nkubwerera ndi minyanga ya njovu, zikopa ndi utomoni. Aswahili adaitcha nsaluyo merikani, potsata dzina la dziko limene inkachokera. Kuno malilime adalipinda dzinalo kukhala merikano.

Kuchokera ku Zanzibar nsaluyo inkapita ku Kilwa, ndipo kuchokera kumeneko inkayenda pamitu ya amtengatenga miyezi yathunthu mpaka ku dziko la Ayao, kwa mafumu onga Mataka, Makanjira ndi Mponda. Ina inkaoloka nyanja pa zombo za matanga kudzatsikira ku Nkhotakota, kumene Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika m'zaka za m'ma 1840, nkupitirira kumtunda cha kwa Mwase ku Kasungu. Njira ina inkadzera ku Quelimane ndi ku Tete. Ponseponse nsalu inkayesedwa ndi thupi la munthu. Mkono udali kuyambira pa kasukusuku mpaka kunsonga ya chala; mkwamba udali kutambasula manja onse awiri, pafupifupi mayadi 2. Nzosadabwitsa kuti pa malonda mudzi unkakonda kutsogoza munthu wamtali manja.

Apa mbiri ya nsalu yoyera imada bii, ndipo nkulakwa kuibisira adzukulu. Thonje la merikano linkalimidwa ndi akapolo achikuda m'minda ya kumwera kwa America. Litaombedwa nkuoloka nyanja ziwiri zamchere, linkadzagula minyanga, komanso linkadzagula anthu. M'buku la ulendo wa pa Zambezi limene David ndi Charles Livingstone adatulutsa mu 1865 mudalembedwa mitengo imene adaimva chakumwera kwa nyanja: mwamuna ankagulidwa ndi mayadi 4 a nsalu, mkazi mayadi 3, mnyamata kapena mtsikana mayadi 2. Mayadi 4 sakwana ngakhale kuyala pansi pa chofunda cha bedi lalikulu la masiku ano. Thukuta la kapolo wa tsidya lina linkasanduka goli la kapolo wa tsidya lino, ndipo chinthu cholumikiza awiriwo chidali nsalu yooneka yosalakwa. Malonda amenewa adatha m'zaka za m'ma 1890, dziko litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891 ndipo Mlozi wa ku Karonga atagonjetsedwa mu 1895.

Chimene chidatchukitsa merikano sikudali kuwala. Nsalu zowala zidalipo kale: kaniki wa ku India, amene kuno ankatchedwa biriwita, ndi zina za mawangamawanga. Merikano ankakondedwa chifukwa ulusi wake udali wokhuthala ndi wothithikana, ndipo ankapirira kuchapa ndi kupunthidwa pa mwala. Amalonda a ku England ataona phindu lake adayesa kutsanzira. Nsalu zawo zambiri zidali zopyapyala, koma ankazipaka phala la ufa losakaniza ndi dothi loyera kuti zilemere ndi kuuma ngati zenizeni, ndipo ena ankatsanzira ngakhale chidindo cha pa mtolo. Pamaso zinkakongola kuposa merikano weniweni. Zikangolawa madzi, phala lija linkasungunuka, mwini nsalu nkutsala ndi chinthu chonga sefa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ogula a ku Africa sadali opusa monga ankayesera amalonda aja. Adaphunzira kufikisa ngodya ya nsalu pakati pa zala kuti aone ngati ikugwetsa fumbi loyera, kuiyang'anitsa padzuwa kuti aone kuthithikana kwa ulusi, ndi kuikoka kuti amve kulimba kwake. Mtsogoleri wa ulendo amene adasenzetsa anthu ake nsalu yolakwika ankatha kufika pamudzi nkulephera kugula ngakhale nkhuku kapena dengu la ufa. Choncho kukonda ndi kukana kwa anthu a m'midzi ya kutali ndi nyanja yamchere kunkamveka mpaka m'maofesi a eni mafakitale. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, itadula thonje, merikano weniweni adasowa. Malo ake adadzatengedwa pang'onopang'ono ndi nsalu ya m'mafakitale a ku Bombay, mzinda umene lero ukutchedwa Mumbai. Dzina lokha ndilo silidasinthe: nsalu ya ku India idapitirira kutchedwa merikano, ngakhale sidapondeko ku America. Nkhondo yomweyo idachititsanso kuti mafakitale a ku Lancashire, posowa thonje labwino, aonjeze phala m'nsalu zawo, ndipo wogula adayenera kuchenjera koposa kale.

Amishoni ndi amalonda achizungu atafika adapeza kuti popanda nsalu palibe chingachitike. Kampani ya African Lakes, imene idakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndi kuyendetsedwa ndi abale awiri John ndi Frederick Moir, inkaitanitsa nsalu yoyera mitolomitolo. Dzina lakuti Mandala lidachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, ndipo nyumba ya Mandala ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ikadalipo. Oumba njerwa, amtengatenga, olima m'minda ya khofi, onsewa ankalandira malipiro awo m'mikwamba. Chikwama cha munthu chidali m'chiuno mwake momwemo. Wofuna mchere ankang'ambako kachidutswa. Wofuna kulipa mlandu ankapereka mkwamba wathunthu. Ndalama yotereyi idali ndi ubwino wake, poti inkafundidwa usiku, komanso idali ndi tsoka lake: inkatha ndi kuvala, inkadyedwa ndi chiswe, ndipo wolipira wosaona mtima ankatha kuba chala chimodzi pa mkwamba uliwonse. Ndalama zachitsulo zidayamba kufala m'zaka za m'ma 1890, makamaka boma la atsamunda litakhazikitsa msonkho wa nyumba wa mashilingi 3. Kuyambira pamenepo nsalu idatsika pa mpando wa ndalama nkukhala katundu wa m'sitolo.

Koma ulemu wake sudatsike nayo. Pali liwu lina, bafuta, lochokera ku dzina la nsalu ya ku India limene gwero lake ndi Chiperezi, ndipo omasulira Baibulo m'Chinyanja adaligwiritsa ntchito potchula nsalu yosalala ya ansembe ndi ya maliro. Nsalu yoyera idasanduka yokulungira thupi la womwalira ndi yokuta bokosi. Asilamu amaitcha sanda. Idasandukanso chovala cha ubatizo, cha ukwati, ndi cha amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, amene bulauzi ndi duku lawo loyera zimaoneka patali pa maliro ndi pa misonkhano. Nzochititsa chidwi kuti chipembedzo cha makolo chopempha mvula chinkayang'ana kwina. Ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kwa Mbona, nsalu yoyenera ndi yakuda, chizindikiro cha mitambo yolemera ndi madzi. Kumwamba kukayera mbee m'mwezi wa Januwale, mlimi sakondwa.

Nchifukwa chake mpaka lero alipo akuluakulu amene samasuka kuona chofunda choyera chokhachokha pa kama wa munthu wamoyo, makamaka wodwala kapena khanda. Sikuti pali lamulo. Ndi mtima chabe umene umakumbuka kumene udaiona nsalu yotero. Wosoka wanzeru amaswa kuyerako ndi zigamba za chitenje, ndipo maso a agogo amakhazikika.

Kuika chigamba pa nsalu yong'ambika nkwakale ngati usiwa weniweniwo. Kale kusoka kudali ntchito ya amuna, monga zikuonekerabe pa makhonde a masitolo pamene atelala ambiri ndi abambo. Singano idalowa kwambiri m'manja mwa amayi kudzera m'masukulu a mishoni, ku Blantyre, ku Livingstonia, ku Likoma, ndi m'chigawo chapakati ku Mvera, kumene a Dutch Reformed adafika mu 1889, ndi ku Nkhoma, kumene adafika mu 1896. Ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, pa mishoni imene John Chilembwe adayambitsa mu 1900, mayi Ida Chilembwe ankaphunzitsa amayi kusoka, mothandizana ndi Emma DeLaney, mmishoni wachikuda wa ku America amene adafika mu 1902. Anthu a mtundu wa mayi DeLaney, adzukulu a akapolo olima thonje aja, ndiwo ena mwa akatswiri a zofunda za zigamba pa dziko lonse. Mmodzi wa iwo, Martha Ricks, wobadwira mu ukapolo ku Tennessee nkusamukira ku Liberia ali mwana, adasoka chofunda chojambula mtengo wa khofi pa nsalu yoyera, nakachipereka yekha m'manja mwa Mfumukazi Victoria ku Windsor mu 1892.

Ku Lilongwe nsalu idachuluka pamodzi ndi fodya. Boma lidakhazikitsidwa m'mbali mwa mtsinje kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amalonda achimwenye nkutsatira, ndipo A. F. Barron atayamba ulimi wa fodya ku Mbabzi mu 1920, ndalama zidayamba kuyenda m'midzi. Amuna obwerera ku Salisbury ndi ku Joni ankabwera ndi mabulangete, ena ndi makina a Singer. Dziko litalandira ufulu, fakitale ya David Whitehead and Sons idatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, ndipo thonje la ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima lidayamba kuombedwa m'dziko momwemuno. Kwa nthawi yoyamba chiyambire masiku a machila, Mmalawi wamba adavala thonje la m'munda wa kwawo. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, madera onga Area 25 adadzaza ndi anthu ochokera m'maboma onse, ndipo misika yonga wa Nsungwi idakula nawo. Kenaka m'zaka za m'ma 1990 zipata za malonda zidatsekulidwa, kaunjika adasefukira, nsalu zotsika mtengo za ku Asia zidadzaza m'masitolo, ndipo fakitale ija idafooka mpaka idagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003.

Motero wogula wa lero ali ndi nsalu zoyera zambiri kuposa zimene Jumbe adaziona moyo wake wonse, koma chinyengo chake nchomwe chija, changovala malaya atsopano. Phala likadalipo: nsalu yambiri yotsika mtengo imaumitsidwa ndi sitachi kuti imveke yokhuthala pa mpukutu. Kufikisa ngodya ndi kuyang'ana padzuwa zikugwirabe ntchito monga mu 1870. Chimene makolo sadachidziwe ndi ulusi wa polyester, wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Nsalu yake imawala, sikwinyika msanga, ndipo pa yunifolomu ya sukulu ili ndi malo ake. Koma m'chofunda simwa thukuta, imaterera pansi pa singano, ndipo simbi ya makala ikapsa kwambiri imaisungunula. Njira yoizindikira njapafupi. Wosoka amatenga kaulusi kapena kachidutswa nkukayatsa ndi machesi: thonje limayaka ngati pepala, kununkha ngati pepala, nkusiya phulusa lofewa, polyester amakwinyika, kununkha ngati pulasitiki, nkusiya kamkanda kolimba kakuda. Wogulitsa amene akana kudulako kachidutswa koyesera wanena kale zonse.

Palinso nkhani ya kuyera kwenikweniko. Nsalu yosayeretsedwa, mdzukulu weniweni wa merikano, imakhala yotuwirako, nthawi zina ndi timadontho ta makoko a njere za thonje, ndipo imanka niyera ndi kufewa ikamachapidwa. Yoyeretsedwa ndi mankhwala imayera ngati ufa. Ndiye pali yachitatu, yothiridwa mankhwala onyenga diso, amene padzuwa amaipatsa kuwala kopita ku buluu. Ndi nzeru yomwe ija ya amayi akale amene ankasungunula kabuluu m'madzi otsukuluzira malaya a tchalitchi. Zitatuzi, chilichonse pachokha, munthu angalumbire kuti nzoyera. Zikasokedwa moyandikana, ina imaoneka yakuda ndi litsiro pamene ili yatsopano. Nchifukwa chake wodziwa amagula nsalu yonse yoyera ya chofunda chimodzi pa mpukutu umodzi tsiku limodzi, ndipo amanyamula zigamba zake za chitenje kukaziyerekeza panja, osati pansi pa babu la m'sitolo. Zitenje za maonekedwe a dothi, zofiirira ndi zachikasu, zimagwirizana ndi yotuwira. Zabuluu ndi zakuda zimafuna yoyera mbee. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo wogula wothamangira minibasi sangazione zimenezi.

Yopyapyala ili ndi mlandu winanso. Msoko uliwonse umasiya mphepete zopindikira kunsi, ndipo nsalu yoyera ikakhala yopepuka, mphepete za chitenje chakuda zimaonekera pamwamba ngati mitsempha. Bulangete lamizeremizere loikidwa pakati limaonekeranso. Wosoka amayala nsaluyo pa chikhatho: ngati mizere ya m'manja ikuoneka, nsaluyo njoyenera makatani, osati chofunda.

Madzi ndiwo woweruza wotsiriza, ndipo nkwabwino kuwafunsa lumo lisadadule kanthu. Thonje latsopano limafupika likachapidwa koyamba. Likasokedwa losachapa pamodzi ndi zigamba zakale zimene zidafupika kale, chofunda chimakwinyika ngati nkhope ya nkhalamba. Zitenje zambiri zotsika mtengo zimasuluka, makamaka zofiira ndi zabuluu, ndipo utoto wosulukawo ulibe kwina kopita koma pa nsalu yoyera. Ntchito ya miyezi iwiri imatha kuonongeka m'beseni limodzi. Choncho chigamba chilichonse chimaviikidwa pachokha mpaka madzi atayera, ndipo chokana kusiya kusuluka chimachotsedwa ngakhale chikongole motani. Wosoka wa ku Lilongwe amaganiziranso za katondo. Fumbi lofiira la m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala silisankha nyumba, ndipo ku Mgona, ku Chinsapo ndi madera ena kumene madzi amagulidwa pa ndowa kapena kutungidwa pa chitsime, chofunda choyera mbee chimasanduka ngongole ya sopo. Kumeneko yotuwira ndiyo yanzeru, poti imakalamba mwaulemu.

Chodabwitsa nchakuti nsalu yoyera yabwino koposa pa Nsungwi nthawi zambiri sipezeka pa mpukutu, koma pa mulu wa kaunjika. M'mabelo a zofunda mumatuluka mashiti a pabedi a thonje lenileni, ochapidwa kambirimbiri kwawoko, opanda phala, ofupika kale, otambalala mokwanira kuyala pansi pa chofunda popanda msoko pakati. Amayi odziwa amalawirira tsiku lotsegula belo. Amatambasula shiti padzuwa kufunafuna pamene pakati padaperepeseka ndi msana wa mwini wake woyamba, amanunkhiza ngati muli nkhungu, amakoka ngodya kuti amve ngati ulusi udafooka ndi mankhwala oyeretsera. Lokhala ndi pakati pakutha saliponya: mphepete zake zikadali zolimba, ndipo zimadulidwa kukhala timizere tolekanitsa zigamba. Poyesa kukula kwake, ambiri safuna tepi. Amagwira ngodya ina ndi dzanja lamanja, ina ndi lamanzere, natambasula manja onse awiri, nkuwerenga mikwamba.